Miyendo Ikamatupa Madzulo Alionse: Poyambira Kufufuza ndi Zoyenera Kukonza

Vutoli limabwera mwa njira imodzimodzi tsiku ndi tsiku. M'mawa mapazi amakhala bwinobwino, nsapato n'kumalowa popanda kukankha. Pofika madzulo akakolo saonekanso, masokosi asiya mizere pakhungu, miyendo ikulemera. Munthu akagona kutupa kumaphwa, koma mawa lake kumayambiranso. Ena zimawachitikira pamkono, makamaka amayi amene anachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'mawere. Ambiri zikafika pamenepa amathamangira tiyi ndi timadzi tomwe amati timatsuka thupi, poti anamva kuti mitsempha ya lymph, imene imatola madzi otuluka m'magazi n'kuwabwezeramo, yadzaza poizoni. Zimenezi zimandidandaulitsa, chifukwa ndalama ndi nthawi zimapita pachabe vuto lenileni likukula. Ntchito yochotsa poizoni m'magazi ndi ya chiwindi ndi impso. Chimene mitsempha ya lymph imafuna kwa inu ndi chakuti madzi ake aziyenda.

Magazi akamadutsa m'timitsempha ting'onoting'ono kwambiri, madzi ena amatuluka n'kukhala pakati pa maselo, atanyamula mapuloteni ndi zina. Pali mitsempha ina yopyapyala imene imawatola madziwo, ndipo akalowa mmenemo ndi amene amatchedwa lymph. Amadutsa m'timibulu tosefa, tija tikatupa timati mwanabere. Munthu amakhala nato pafupifupi 500 kapena 600, ndipo tambiri tili m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche ndi m'mimba. Pomaliza madzi ambiri amalowa mumtsempha waukulu umene umakwera kudutsa m'chifuwa n'kukathira m'magazi m'munsi mwa khosi, mbali ya kumanzere. Patsiku malita pafupifupi 2 mpaka 4 amabwerera m'magazi kudzera njira imeneyi.

Magazi ali ndi mtima wowapopa, koma madzi a lymph alibe chowapopa chotero. Amayenda minofu ikamafinya mitsempha pamene munthu akuyenda, amakokedwa m'chifuwa munthu akamapuma, ndiponso mitsemphayo payokha imadzifinya pang'onopang'ono, tizitseko ta m'kati mwake n'kumaletsa madzi kubwerera m'mbuyo. Ili ngati ngalande imene madzi ake ayenera kukwera mtunda kuchokera kuphazi mpaka kukhosi. Munthu akangokhala pansi tsiku lonse, madziwo amadikha kumunsi.

Musanayese chilichonse, onani izi

Kutupa kwina si kosamalira kunyumba, ndipo apa ndikupempha kuti musanyozere. Mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi, ukupweteka pakatumba, makamaka mutayenda ulendo wautali mutakhala pansi, mutachitidwa opaleshoni kapena mutagona nthawi yaitali chifukwa cha matenda, mwina magazi aundana mumtsempha. Musausisite mwendowo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Kukawonjezeka kubanika kapena kupweteka pachifuwa, musadikire ngakhale ola limodzi. Chimodzimodzinso khungu likafiira, likatentha, likamapweteka, thupi n'kuyamba kutentha kapena kunjenjemera. Pamenepo mabakiteriya alowa pansi pa khungu ndipo pakufunika mankhwala a kuchipatala msanga.

Miyendo yonse iwiri ikatupa, munthu n'kumabanika akagona chagada kapena kudzidzimuka usiku akusowa mpweya, tiziganizira za mtima. Nkhope ikamatupa m'mawa, makamaka m'zikope, mkodzo n'kumachita thovu, tiziganizira za impso. Mimba ikatupa, maso n'kuchita chikasu, ndi nkhani ya chiwindi. Mayi woyembekezera kutupa mapazi pang'ono si zachilendo, koma nkhope ndi manja zikatupa mwadzidzidzi, mutu ukuwawa, maso akuona mosokonekera, akayezetse kuthamanga kwa magazi nthawi yomweyo, chifukwa vuto limeneli limaika moyo wa mayi ndi wa mwana pachiswe.

Yang'ananinso mankhwala amene mukumwa. Amlodipine, amene ambiri amamwa chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, amadziwika kuti amatupitsa akakolo. Prednisolone komanso mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac amachititsa thupi kusunga madzi. Ngati kutupa kunayamba mutangoyamba mankhwala atsopano, musawasiye nokha, kawauzeni adokotala kuti aone ngati angasinthe.

Kudziyeza kunyumba

Dinani ndi chala chachikulu pafupa la kutsogolo kwa mwendo, pamwamba pa kakolo, kwa masekondi pafupifupi 10. Pakatsala kadzenje, ndiye kuti pali madzi pansi pa khungu. Izi sizikuuzani chimene chawabweretsa, koma zikuthandizani kudziwa ngati kutupa kukuchepa kapena ayi. Kenaka yesani kutsina n'kukweza khungu la pamwamba pa phazi, patsinde pa chala chachiwiri. Ngati khungulo likukana kutsinika chifukwa lakhuthala, chimenecho ndi chizindikiro chimene madokotala amachitcha cha Stemmer, ndipo chimasonyeza kuti mitsempha ya lymph yafooka kapena yawonongeka, vuto lotchedwa lymphoedema. Poyamba vutoli limasiya kadzenje ndipo limaphwa munthu akakweza mwendo. Likakhalitsa khungu limauma gwa, kadzenje sikatsalanso, ndipo kugona usiku sikuthandizanso. N'chifukwa chake kuchedwa kumapweteketsa.

Tengani tepi yoyezera, muyeze kuzungulira kakolo ndi katumba pa malo amodzimodzi, m'mawa ndi madzulo, miyendo yonse iwiri, n'kulemba. Maso amanama, makamaka munthu akamafunitsitsa kuona kusintha.

Kuyenda: apa ndi pamene ambiri amakonzera vutoli

Minofu ya katumba ndiyo imagwira ntchito yaikulu yokankhira madzi ndi magazi m'mwamba. Imagwira ntchitoyo pokhapokha kakolo akamapindika ndi kutambasuka. Choncho amene amakhala pampando tsiku lonse ndi amene amaima malo amodzi tsiku lonse ali pa vuto limodzi, ndipo woima njiiyu nthawi zina amavutika kuposa mnzake wokhala pansi.

Funso limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti: ndimathamanga m'mawa uliwonse, nanga miyendo ikutupiranji? Yankho lili m'maola otsatirawo. Kuthamanga kwa m'mawa n'kwabwino, koma sikungakankhe madzi amene adzasonkhane masana mutakhala pansi maola 8. Chimene chimathandiza ndi kusunthasuntha pafupipafupi. Pakatha mphindi 30 kapena ola, imirirani muyendeko ngakhale mphindi ziwiri kapena zitatu. Ngati simungachoke pamalo, imani ndi zala za kuphazi n'kutsitsa chidendene, maulendo 15 kapena 20. Mutakhala pansi, kwezani zala m'mwamba chidendene chili pansi, kenaka kwezani chidendene zala zili pansi, mobwerezabwereza. Pa ulendo wautali wa pa basi kapena pa ndege chitani zomwezo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi zapakatikati, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Kwa munthu wotupa miyendo, ndi bwino kuzimwaza mphindi zimenezi m'masiku onse kusiyana ndi kuziunjika tsiku limodzi.

Ngati mukuyenda ndithu koma sizikusintha, yang'anani kayendedwe kanu ndi nsapato zanu. Kuyenda mokhwekhwereza mapazi sikupinda kakolo, ndiye katumba sagwira ntchito. Nsapato zazitali kuchidendene nazonso zimachepetsa kupindikako. Phazi lizitera ndi chidendene n'kunyamuka ndi zala. Onaninso zovala: lastiki wothina wa sokosi, lamba wothina m'chiuno, kapena chovala cham'kati chimene chikudula m'mphechepeche zimatsekereza njira ya madzi pamalo amodzi.

Kupuma nako ndi gawo la kuyendetsa madzi. Mukakoka mpweya mozama, mimba n'kutukuka, mnofu waukulu wa pansi pa mapapo umatsika n'kufinya m'mimba pamene m'chifuwa mukutakasuka, ndipo madzi a mumtsempha waukulu uja amakokeka m'mwamba. Kokani mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno dzanja lili pamimba, tulutsani modekha, kasanu kapena kakhumi, musanayambe kusuntha miyendo. Amene angathe kusambira kapena kuyenda m'madzi ofika m'chiuno amapindula kawiri, chifukwa madziwo amafinya mwendo mwamphamvu kumunsi ndi mopepuka kumtunda, monga momwe zikufunikira.

Madzulo gonani chagada miyendo itakwezedwa ndi mapilo kuti ikhale pamwamba pang'ono kuposa mtima, kwa mphindi 20 kapena 30. Kuika mapazi pa kampando inu mutakhala tsonga kumathandiza pang'ono chabe. Ndipo okalamba amene amagona usiku wonse pampando miyendo ili lende, kaya chifukwa cha msana kaya chifukwa chobanika akagona, kutupa kwawo sikungathe mpaka chifukwa chowalepheretsa kugona pabedi chitapezeka.

Kwa amayi amene anachotsedwa anabere a m'khwapa pa opaleshoni ya khansa, kale ankauzidwa kuti asanyamule chilichonse cholemera ndi mkonowo moyo wawo wonse. Kafukufuku amene anatsogolera Kathryn Schmitz wa pa University of Pennsylvania, wofalitsidwa mu 2009, anapeza kuti amayi otupa mkono amene ankanyamula zitsulo moyamba ndi zopepuka n'kumawonjezera pang'onopang'ono, atavala chovala chofinya mkono, kutupa kwawo sikunakule kuposa kwa anzawo osanyamula, ndipo vutoli linkawabuka mwa apo ndi apo poyerekeza ndi anzawowo. Mkono wosagwiritsidwa ntchito umafooka. Chofunika ndi kuyamba pang'ono, motsogoleredwa ndi wodziwa.

Zakudya: yambani ndi mchere

Mchere umakoka madzi, ndipo ukachuluka m'thupi impso zimasunga madzi ambiri kuti ziusungunule. Madzi owonjezerawo ndi mtolo wina kwa mitsempha ya lymph imene ikulimbana kale ndi mtunda. WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, womwe ndi wosakwana bwino supuni yaing'ono ya tiyi imodzi, kuphatikiza wonse wa m'zakudya. Anthu ambiri padziko amadya pafupifupi kuwirikiza kawiri muyeso umenewu.

Amene amati anasiya kuthira mchere patebulo koma kutupa sikunasinthe, afufuze mchere wobisika. Uli m'buledi, m'masoseji ndi nyama zina zokonzedwa kale, m'zakudya za m'zitini, m'supu wa m'mapaketi, m'timibulu tokometsera ndiwo, m'tchipisi ndi m'nsomba kapena nyama zoumika ndi mchere. Pa mapaketi ambiri amalemba sodium m'malo mwa mchere. Chulukitsani nambalayo ndi 2.5 kuti mudziwe mchere wake, poti magalamu 2 a sodium ndi ofanana ndi magalamu 5 a mchere. Masabata oyamba chakudya chimamveka chozizira m'kamwa, koma lilime limazolowera, ndipo adyo, anyezi, mandimu ndi zokometsera zina zimathandiza. Amene ali ndi vuto la impso asathamangire mchere wolowa m'malo umene uli ndi potassium asanafunse adokotala.

Pali maganizo ena olakwika amene amapweteka anthu mwakachetechete. Poti madzi a lymph ali ndi mapuloteni, ena amaganiza kuti akasiya zakudya zomanga thupi kutupa kuchepa. Zimachitika ndi zosiyana. Chiwindi chimapanga puloteni yotchedwa albumin imene imagwira madzi kuti akhale m'mitsempha ya magazi, ndipo ikachepa madzi amatuluka ochuluka. Ndi chifukwa chimodzi chimene munthu wosowa zakudya m'thupi amatupira mapazi. Minofu yokankha madzi ija nayonso imamangidwa ndi mapuloteni. Choncho nyemba, mazira, nsomba, nyama ndi mkaka zisachoke pa chakudya chanu, pokhapokha adokotala atakuuzani chifukwa cha impso.

Nkhani ya mafuta ili ndi mbiri yosangalatsa. Mu 1622 dokotala wa ku Italy, Gaspare Aselli, anaona timitsempha toyera ngati mkaka pamatumbo a galu amene anali atangodya kumene. Tinali timitsempha ta lymph titanyamula mafuta a m'chakudya, chifukwa mafuta ambiri amene timadya amayamba adutsa m'njira imeneyi asanalowe m'magazi. Izi zachititsa ena kuphunzitsa kuti kusiyiratu mafuta kumaphwetsa miyendo. Chakudya chapadera chochepa mafuta chimaperekedwa pa matenda ochepa chabe okhudza mitsempha ya lymph ya m'matumbo kapena m'chifuwa, ndipo chimayang'aniridwa ndi achipatala. Kwa munthu wotupa akakolo, chimene chili ndi mphamvu ndi kulemera kwa thupi lonse. Kunenepa kwambiri kumapanikiza mitsempha ya lymph ndi kuifooketsa, kumawonjezera mpata woti mkono utupe pambuyo pa opaleshoni ya khansa, ndipo kukafika poipa kumatha kuyambitsa lymphoedema pakokha. Kuchepetsa thupi pang'onopang'ono, pochepetsa shuga, zakumwa zotsekemera, mowa ndi zokazinga, n'kuchulukitsa masamba ndi zipatso kufika magalamu 400 patsiku monga WHO imanenera, kumathandiza kuposa chakudya chilichonse chimene chimatchuka kuti n'chotsuka lymph.

Madzi akumwa

Apa anthu amalakwitsa mbali ziwiri. Ena amasiya kumwa madzi poganiza kuti madziwo ndi amene akupita kumapazi. Thupi likaona kuti madzi achepa limayamba kusunga mchere ndi madzi, choncho kudzimana sikuphwetsa mwendo, kumangowonjezera mutu, kutopa ndi kudzimbidwa. Ena amamwa malita ochuluka mokakamiza kuti akatsuke mitsempha. Madzi opitirira muyeso amangotuluka ndi mkodzo, ndipo akachulukitsitsa m'kanthawi kochepa amachepetsa sodium m'magazi, zomwe n'zoopsa.

Palibe nambala imodzi ya makapu yokwanira aliyense, chifukwa zimadalira kukula kwa thupi, kutentha ndi thukuta limene munthu akutaya. Yang'anani mkodzo: ukakhala wachikasu chotuwa, zili bwino, ukada, onjezani madzi. Imwani momwaza tsiku lonse. Amene adokotala anawaikira malire a madzi chifukwa cha mtima kapena impso atsate malire amenewo, osati zolembedwa pano.

Chenjezo lina ndi la mapiritsi okodzetsa monga furosemide. Amathandiza kwambiri kutupa kochokera ku mtima, koma pa lymphoedema sathetsa vuto, chifukwa amachotsa madzi n'kusiya mapuloteni pansi pa khungu, ndipo mapuloteniwo amakokanso madzi ena. Musabwereke mapiritsi amenewa kwa wachibale chifukwa choti nayenso amatupa miyendo.

Khungu

Mbali imeneyi imaiwalika, komabe ndi imene imasiyanitsa mwendo wotupa pang'ono ndi mwendo umene ukukulirakulira chaka ndi chaka. Pamene madzi a lymph adikha, chitetezo cha thupi pamalopo chimafooka. Kabala kakang'ono, ming'alu ya kuchidendene kapena zilonda za pakati pa zala zimakhala khomo la mabakiteriya, ndipo nthawi iliyonse khungu likagwidwa ndi matenda otere mitsempha ya lymph imawonongeka mowonjezereka. Kutupa kumabweretsa matenda, matendawo n'kukulitsa kutupa.

Sambitsani mwendo kapena mkono wotupawo tsiku lililonse ndi sopo ndi madzi oyera, pukutani bwino makamaka pakati pa zala ndi m'makwinya a khungu, kenaka pakani mafuta kuti khungu lisang'ambike, koma osati pakati pa zala. Wengani zikhadabo mosamala, valani nsapato zosathina, ndipo bala lililonse litsukidwe nthawi yomweyo. Chisamaliro chimenechi ndi chomwenso chimaphunzitsidwa kwa odwala mintchetcha, matenda amene amayamba ndi tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu, monga Wuchereria bancrofti, timene timakhala m'mitsempha ya lymph n'kuiwononga. Palinso kutupa kwa mapazi kotchedwa podoconiosis, kumene kumagwira anthu oyenda opanda nsapato kwa zaka zambiri pa dothi lofiira lochokera ku mapiri amene kale ankaphulika. Pa onse awiri, kutsuka, kupukuta, kukweza mwendo ndi kuvala nsapato kumachepetsa kubuka kwa ululu ndi kutentha thupi.

Mwanabere akamabwerabwera

Mwanabere wopweteka amene watuluka m'mphechepeche muli ndi bala kuphazi, kapena m'khosi muli ndi zilonda zapakhosi kapena dzino lowawa, akugwira ntchito yake, ndipo amaphwa gwero la vutolo likachira. Musamufinye kapena kumutikita. Ngati akubwerabwera pamalo amodzi, fufuzani chigawo chimene iye amasefa: phazi, dzanja, m'kamwa, pamutu. Koma mwanabere wolimba, wosapweteka, wosasuntha mukamukankha, amene akukula kapena wakhala kupitirira masabata atatu kapena anayi, kapena amene watuluka pamwamba pa fupa la m'munsi mwa khosi, akufunika kupimidwa, makamaka ngati mukutuluka thukuta usiku, mukuonda kapena thupi likutentha pafupipafupi. Chifuwa chachikulu, HIV ndi khansa ya lymphoma zimatha kuonekera motero, ndipo zonsezi zili ndi chithandizo chimene chimagwira bwino ntchito zikapezeka msanga.

Zonsezi mwachita koma kutupa kulipobe

Mukasunthasuntha pafupipafupi, mukachepetsa mchere, mukamakweza miyendo ndi kusamalira khungu kwa masabata atatu kapena anayi koma tepi ikusonyeza manambala omwewo, kapena ngati khungu la pachala chachiwiri lija likukana kutsinika, vutoli lapitirira zimene zakudya ndi kuyenda pazokha zingakonze. Chithandizo chachikulu cha lymphoedema ndi kufinya: mabandeji apadera poyamba, kenaka masokosi kapena chovala cha mkono choyezedwa molingana ndi thupi lanu, chothina kwambiri kumunsi n'kumamasuka pokwera. Chimavalidwa m'mawa kutupa kusanayambe, ndipo chimagwira bwino ntchito munthu akamayenda atachivala. Musadzimange nokha ndi bandeji wamba kapena nsalu, chifukwa akathina pakati amatsekereza madzi kumunsi. Odwala shuga, osuta fodya ndi onse amene mapazi awo amazizira, amachita dzanzi kapena amapweteka poyenda, ayambe apimidwa ngati magazi akufika bwino kumapazi asanavale chilichonse chofinya.

Palinso kusisita kwapadera kumene Emil Vodder wa ku Denmark anayambitsa m'zaka za m'ma 1930. N'kopepuka kwambiri, kongotambasula khungu, chifukwa timitsempha toyambirira ta lymph tili pansi penipeni pa khungu, ndipo kumayambira kukhosi, pachifuwa ndi pamimba kusanafike pa mwendo wotupawo. Kumathandiza ena kukaphatikizidwa ndi kufinya, koma pakokha sikukwanira. Kutikita mwamphamvu, kukanda khungu ndi burashi youma kapena kuthowa ndi madzi otentha kwambiri kungawonjezere kutupa kapena kuvulaza khungu, ndipo sikuyenera kuchitika konse ngati pali matenda a pakhungu kapena mukukayikira kuti magazi aundana.

Popita kuchipatala tengani pepala la miyeso lija, mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa kuphatikizapo azitsamba, ndipo mufotokoze kuti kutupa kunayamba liti, kuli mbali imodzi kapena zonse, kumaphwa usiku kapena ayi, ndiponso ngati munachitidwapo opaleshoni, munawotchedwapo khansa ndi makina kapena khungu la pamalopo linadwalapo. Pemphani kuti akuyezeni kuthamanga kwa magazi, mkodzo, ndi magazi oonetsa mmene impso ndi chiwindi zikugwirira ntchito, kuti chithandizo chilunjike pa chimene chikutupitsa mwendowo.